Mutu 6: Mapiritsi a Lamulungu

1. Kapu ya tiyi

Mvula ikagwa ku Thyolo, tiyi sadikira munthu. Ukathyola lero, mkuja waphukanso. Ana a sukulu ndiwo amati Disembala ndi mwezi wa tchuthi, koma makolo awo pa esiteti amadzuka nkhuku zisanatuluke, kudya choimirira, n'kuthamangira kumunda.

Mtisunge, mtsikana wa Fomu 3, anadzuka m'mawa wina n'kupeza mayi ake, a Eneless, atamanga kale chipulasitiki m'chiuno, chija othyola tiyi amavala kuti nthambi zonyowa zisawang'ambire zovala. M'nyumba mwawo pakompaundi munkakhala anthu awiri okhawo. Bambo ake anamwalira iye akadali kumsana.

A Eneless ankamwa tiyi ataimirira pakhomo, maso ali kumitambo. Mwadzidzidzi kapu inapulumuka m'manja mwawo n'kugubuduka pansi.

"Amayi, mwatani?" anafunsa Mtisunge.

A Eneless anayang'ana dzanja lawo lamanja. Zala zinangoti lende. Anayesa kuyankha, koma mawu anatuluka ophwanyika ngati a munthu amene wadzaza chinangwa m'kamwa. Mantha anamugwira Mtisunge. Posakhalitsa zala zija zinayambanso kugwedera, lilime n'kumasuka.

"Ndinaligonera dzanjali," anatero a Eneless. "Tola kapuyo, usandiyang'ane ngati waona mzukwa."

Mtisunge anatola kapu ija, koma maso ake anapita pa chitini chimene chinali pawindo. Chitinicho chinali chodzaza ndi mapiritsi, ndipo onse awiri ankadziwa chifukwa chake.

Chaka chatha, kukiliniki ya pa esiteti anawapeza a Eneless ndi bipi, matenda othamanga magazi aja. Anawapatsa timapiritsi toyera toti azimwa m'mawa uliwonse. Timapiritsito tinali ndi khalidwe limodzi loipa: munthu akamwa amafuna kutaya madzi pafupipafupi.

Amene sanathyolepo tiyi angaseke, koma nkhaniyi si yoseketsa. Munda wa tiyi ulibe pobisala. Mitengo yake imalekezera m'chiuno, yonse yodulidwa mofanana kuchokera kumsewu mpaka kuphiri, moti munthu akangonjuta, wa kutsidya wamuona kale. Chimbudzi chinali kutali, kushedi ya sikelo yoyezera masamba, ndipo m'gulu la a Eneless amuna anali ambiri kuposa akazi.

Choncho a Eneless anadzipangira lamulo lawolawo. Mkati mwa sabata mapiritsi ankagona m'chitini. Lamulungu akabwera kutchalitchi ankamwa awiri nthawi imodzi, ati kuti akwanire sabata yonse. Udokotala wotero sunaphunzitsidwepo pasukulu ina iliyonse, koma ndani akanawatsutsa?

"Tamvera iwe," anatero a Eneless akukoleka dengu kumsana. "Lero ndi tsiku la anthu a bipi kukiliniki, koma ine sindingasiye masamba ali chonchi. Upite ndiwe ukanditengere mankhwala, chifukwa tikapanda kutenga, a Sisita aja amamutsatira munthu mpaka kumunda. Akakufunsa, ukanene kuti ndikumwa tsiku ndi tsiku ndipo ndili bwinobwino. Za kapuyi usakazitchule."

"Koma amayi..."

"Palibe koma. Ine ndinakula ndikumva kuti za m'nyumba zimathera m'nyumba. Mwana wamkazi wotenga nkhani za mayi ake n'kukaziyanika kwa alendo, ameneyo sanalangidwe. Ukakatsegula pakamwa, adzandikakamiza kumwa m'mawa uliwonse. Ndiye ufuna ndizikakhala pansi pakati pa amuna, mayi wamkulu ngati ine? A kapitawo Blackson timapemphera tchalitchi chimodzi, ndimavala yunifomu ya amayi iwo akuona. Lamulungu ndikawayang'ana ndi maso ati? Bola mutu uzindiwawa kusiyana ndi manyazi otero. Lonjeza."

"Ndalonjeza," anatero Mtisunge chapansipansi.

A Eneless anatuluka n'kulowa m'kanjira kofiira kopita kumunda. Mtisunge anasesa m'nyumba, kenaka anasesanso pomwe anali atasesa kale. Anatunga madzi ngakhale ndowa zonse zinali zodzaza. Mtima sunakhale m'malo, ndipo posamba anaiwala sopo panja.

2. Ngalande ya kuseri kwa kiliniki

Pofika kukiliniki Mtisunge anapeza mabenchi atadzaza. Panali alonda, azibambo a kufakitale ndi amayi okalamba amene anasiya kalekale kuthyola. Othyola tiyi enieni anali ochepa. Ambiri anatuma ana ngati iye.

Namwino wa pamenepo anali a Enid Gondwe, mayi wa imvi wochokera kumpoto, amene aliyense ankangowatcha a Sisita. Mawu awo ankamveka mpaka kumsewu. Munthu akamanama, iwo ankatsitsa magalasi n'kumuyang'ana pamwamba pake mpaka mwini wake atayamba kukanda m'mutu mosayabwa.

Mtisunge analowa pomalizira.

"Mwana wa a Eneless, eti? Eni ake ali kuti?"

"Ali kumunda."

"Onse ali kumunda. Mvula ikayamba, odwala anga onse amachira okha. Mankhwala akumwa?"

"Eee, akumwa."

"Tsiku ndi tsiku?"

"Tsiku ndi tsiku."

Magalasi aja anatsika. Mtisunge anayang'ana zala za kumapazi ake.

"N'zodabwitsa," anatero a Sisita akuwerengera mapiritsi m'kapepala. "Ulendo watha nditawayeza, bipi yawo inali pamwamba ngati ya munthu amene sanalawepo piritsi."

Nthawi yomweyo mvula inayamba kugwa yamphamvu, malata n'kumalira. Mtisunge anafika pakhomo koma analephera kutuluka.

"Uli Fomu chani?" anafunsa a Sisita.

"Fomu 3."

"Ndiye za maselo mwaphunzira. Bwera kuno, mvula yakutsekera kale njira."

Anamutengera pakhonde la kuseri. Pansi pake panadutsa ngalande yochokera kumunda wa tiyi, madzi ofiira ali thothotho.

"Taona pamene ngalandeyi yawongoka. Udzu wa m'mbali mwake wakhala bwanji?"

"Wagona mbali imodzi, kuloza kumene madzi akupita."

"Nanga apo yagawikana pawiri?"

Mtisunge anayang'ana. Pamphambanopo madzi ankazungulira, thovu lili mbuu. Timitengo ndi mapepala zinaunjikana, ndipo dothi la m'mbali linali litadyeka.

"Tsono undimvere," anatero a Sisita. "Anthu amaganiza kuti mitsempha yochotsa magazi kumtima ili ngati mapaipi a pampopi. Iyayi, ndi yamoyo. Mkati mwake mwayalidwa maselo opyapyala, osalala, ndipo maselo amenewo amamva magazi akamawakhula podutsa. Magazi akamayenda mwadongosolo, maselowo amagona motalika, onse kuloza njira imodzi monga udzu uwu. Akagona chotero amagwira bwino ntchito. Amatulutsa mankhwala awoawo ofewetsa mtsempha ndi oletsa magazi kuundana.

"Koma pamene mtsempha wagawikana, magazi amazungulira, ena kubwerera m'mbuyo, kugundana okhaokha. Maselo a pamenepo amasokonezeka, sadziwa koloza. Amayamba kumata. Mafuta a m'magazi amalowa pansi pawo n'kuumba kachotupa m'khoma. Mphambano ina yotere ili apa."

A Sisita anagwira Mtisunge pambali pa khosi, pamene pamagunda.

"Imeneyi ndi njira yopita ku ubongo. Aliyense ali nazo mphambano zimenezi, ngakhale iwe. Tsono onjezerapo bipi. Mtima ukagunda, khoma la mtsempha limakankhidwa n'kutamuka kupitirira muyeso wake. Ukagundanso, chimodzimodzi, usana ndi usiku. Maselo a mnofu wa m'khomalo amadziteteza pokhuthala, monga zala za othyola tiyi zimakhakhalira. Khoma likakhuthala limauma, njira imachepa, ndiye magazi amakankha koposa kale. Tsiku lina kachidutswa kamathothoka pa kachotupa kaja n'kukatseka njira ya ku ubongo, kapena kamtsempha kakang'ono kamaphulika. Sitiroko mumamvayi ndi imeneyo."

"Nanga munthu samva kuwawa zikamachitika zonsezi?" anafunsa Mtisunge.

"Pamenepo ndiye pagona nkhani. Khoma la mtsempha silidandaula. Anthu anga a pa esiteti ino amadikira mutu uwawe ndiye amwe piritsi. Sadziwa kuti piritsi limagwira ntchito ya tsiku lake lokha, pamene mtima supita kutchuthi. Nthawi zina thupi limachenjeza. Dzanja limafa kwa kanthawi, kamwa imapotoka, mawu amalemera, kenaka zonse n'kubwerera mwakale. Munthu amati zatha. Sizinathe ayi. Kachidutswa kanatseka n'kusuntha, koma chachikulu chili m'njira. Munthu wotero timamuthamangitsira kuchipatala chachikulu tsiku lomwelo. Paja amati tsoka silinunkha, mwana wanga, koma limeneli limayamba lagogoda."

Mtisunge anafinya kapepala ka mapiritsi mpaka kanatsala pang'ono kung'ambika.

"Ulibe choti undiuze?" anafunsa a Sisita, tsopano motsitsa mawu.

"Ayi, ndilibe."

Anatuluka mvula isanathe n'komwe.

3. Pakhonde la amalume

Njira yobwerera kukompaundi inkadutsa m'mphepete mwa mudzi umene unachita malire ndi esiteti. Mtisunge anayenda mothamanga, kenaka anaima, anabwerera masitepe angapo, n'kutembenukanso. Munthu womuonera patali akanati wataya singano.

"Mtisunge! Ukuvina chiyani pamvulapo?"

Anali amalume ake, a Lackson, mchimwene wa mayi ake. Kale anali katswiri wodulira tiyi ndi chikwanje, mwamuna wa mapewa aakulu amene anyamata ankamuopa pa mpira. Tsopano ankaswera pampando pakhonde, dzanja lamanzere litapindika pachifuwa, kansalu kali paphewa. Sitiroko inawagwetsa zaka zingapo zapitazo.

Mtisunge anakwera pakhonde n'kugwada, madzi akuchucha m'diresi.

"Wachokera kukiliniki? Nanga mlongo wanga bwanji sanapite yekha?" A Lackson ankayankhula pang'onopang'ono, mawu akutulukira mbali imodzi ya kamwa.

Mtisunge anafuna kunamanso, koma misozi inamutsogolera. Amalume si alendo, choncho anafotokoza zonse: za kapu, za zala, za lilime, za chitini cha pawindo.

A Lackson anatenga kansalu kaja n'kupukuta pakamwa.

"Sendera pafupi, mphwanga, chifukwa mawu anga masiku ano amatuluka movutikira ndipo sindibwereza. Ine chikwanje chinandigwa m'manja m'mawa wina kumunda. Anzanga onse anaona. Anaona kamwa yanga itapita kumbali. Ukudziwa chimene anachita? Anandikhazika pansi pa mtengo wa bulugamu n'kundidulira mzere wanga kuti kapitawo asadziwe. Ndi mwambo wathu umenewo pa esiteti, mnzako akafooka umamubisa. Zitandisiya ndinawathokoza, mpaka ndinawagulira thobwa. Madzulo azakhali ako anaona ndikukoka mwendo, koma anati mkazi angamuuze chiyani mwamuna wake. Anandilemekeza. Aliyense anandilemekeza, mphwanga. Sabata isanathe ndinagwa kuseri kwa nyumbayi, ndipo ulemu wonse uja ndi uwu ukuuona apa, kansalu kopukutira dovu."

Anapuma kaye. Mvula inali itayamba kuchepa.

"Mayi ako akuopa manyazi a kumunda. Ndikuwamvetsa, ndi mlongo wanga, mtundu wathu ndife ouma mutu tonse. Koma manyazi enieni ndikuwadziwa ndine. Ine kuchimbudzi ndimachita kugwiridwa ndi mkazi wanga, ana a eni ake akuonerera. Lamba ndimachita kumasulidwa. Eneless akuthawa maso a anthu a mzere umodzi, sakudziwa kuti akuthamangira ku maso a mudzi wonse."

"Koma ndinalonjeza, amalume."

"Unalonjeza mayi ako, kapena unalonjeza manyazi awo? Adzakukalipira, zimenezo usakayike. Mwina adzakhala masiku osakuyankhula. Mayi wokalipa ndi mayi ndithu, bola akhale ndi pakamwa pokalipira. Ine ndikanakhala ndi miyendo ndikanapita ndekha, koma miyendo ya banja lino yatsala ndi yako. Madzi akatayika saoleka. Dzuka."

Mtisunge anadzuka. Anavula masilipasi amene ankamatira m'matope, n'kuwasiya pakhonde pomwepo.

4. Kubwerera

Anapeza a Sisita akutseka mawindo kuti akadye. Sanagogode n'komwe.

"Ndinanama," anatero akupuma mwawefuwefu. "Amayi samwa. Amamwa Lamulungu lokha. Ndipo lero m'mawa kapu inawagwa, dzanja linafa, mawu sankamveka."

"Dzanja liti?"

"Lamanja."

"Ndipo wakhala nazo m'kamwa kuyambira m'mawa? Chifukwa chiyani samwa?"

Mtisunge anachita manyazi ngati wavula mayi ake pagulu, komabe ananena. Anafotokoza za munda wopanda pobisala, za amuna a m'gulu, za chimbudzi cha kutali.

A Sisita anavula magalasi n'kukhala pampando.

"Ambuye wanga," anatero. "Mapiritsi a bipi si a mtundu umodzi. Ena sakodzetsa, ali m'kabati umu. Akanangondinong'oneza, ndikanawasinthira tsiku lomwelo. Nanenso zaka zonsezi ndakhala ndikukalipa osafunsa."

Mawu amenewa anamupweteka Mtisunge kuposa kukalipiridwa. Chaka chathunthu mayi ake anakhala akuthawa chinthu chimene mankhwala ake anali m'kabati.

A Sisita anadzuka n'kufuula ndi mawu awo aakulu aja. "Hopeson! Liza galimoto! Nsomba zakozo udzadya madzulo!"

A Hopeson, dalaivala wa galimoto ya pakiliniki, anatulukira kuseri akupukuta manja mu thalauza.

"Ali munda uti?" anafunsa a Sisita.

"Wa kumtunda, pafupi ndi damu."

"Kwera. Ukatilozera."

5. Pa sikelo

Galimoto inakwera mtunda ikutsetsereka m'matope. Mtisunge anakhala kutsogolo, manja atagwira chitseko, akukankha pansi ndi mapazi ngati kuti akatero ifulumira.

Anafika nthawi yoyeza masamba a masana. Othyola tiyi anali atandandalika pamzere kushedi, madengu kumsana, a kapitawo Blackson ali pa sikelo. Galimoto ya kiliniki siifika kumunda popanda chifukwa, choncho mitu yonse inatembenuka.

A Eneless anali pakati pa mzerewo. Ataona a Sisita akutsika sanadabwe kwenikweni. Koma ataona mwana wawo akutsika pambuyo, wopanda nsapato, matope mpaka m'mawondo, nkhope yawo inasintha.

"Mayi Eneless, tabwerani pambali pang'ono," anatero a Sisita mwaulemu. "Tiyankhule awiri."

A Eneless sanawayang'ane n'komwe. Maso awo anali pa Mtisunge.

"Wachita chiyani iwe?"

"Amayi, ndinaopa..."

"Unaopa? Ndinakutuma mankhwala, wandibweretsera galimoto? Taona anthu onsewa akundiyang'ana ngati ndaba. Ine ndinakulera ndekha, ndi manja awa, mvula ndi dzuwa zikuthera pamsana panga. Sindinapemphepo kanthu kwa munthu, sindinachititsepo manyazi dzina la bambo ako. Chinthu chimodzi chokha ndinakupempha m'mawa uno, chimodzi! Sukulu imeneyi ndiyo yakuphunzitsa kugulitsa mayi ako?"

Mkwiyo utakula anasiya Chichewa n'kulowa m'Chilomwe, monga ankachitira nthawi zonse akapsa mtima zenizeni. Amayi ena anayang'ana pansi. Mtisunge anaima chilili, misozi ikusakanikirana ndi madzi a mvula.

Kenaka pakati pa mawu, lilime linakana. A Eneless anabwereza liwu limodzi, n'kulibwerezanso, koma silinathe. Mbali ya kumanja ya kamwa inatsika. Mwendo unapindika, dengu linapendekeka, masamba onse a m'mawa n'kukhuthukira m'matope.

Amayi awiri anawawakha asanafike pansi.

"Tiwakhazike pamthunzi apume pang'ono," anatero bambo wina wa m'gulumo. "Zimatha zokha zimenezi. Mzere wawo timaliza ife."

"Ayi!" Mtisunge anakuwa mpaka a Blackson anasiya sikelo. Moyo wake wonse anali asanakwezepo mawu kwa munthu wamkulu. "Musawakhazike! Anyamuleni, apite pagalimoto!"

"Mwamumva mwanayo," anatero a Sisita atagwada kale pambali pa a Eneless. "A Blackson, gwirani kumiyendo. Inu mayi, masulani chipulasitikicho. Asapatsidwe madzi kapena chilichonse, angatsamwe. Hopeson, tsegula kumbuyo!"

A Blackson, amene a Eneless ankaopa maso awo chaka chonse, anavula jekete lawo n'kuwafunditsa miyendo kuti chitenje chisavundukuke powanyamula.

6. M'njira

Anawagoneka cham'mbali pa kabedi ka m'galimoto. A Sisita anakulunga lamba woyezera bipi pamkono, anapopa, anayang'ana, ndipo sananene kuti yafika pati. Anatulutsa foni n'kuimbira kuchipatala chachikulu kuti akonzeke.

"Achira?" anafunsa Mtisunge.

"Sindikunamiza, mwana wanga, sindikudziwa. Ubongo ukasowa magazi, kanthawi kalikonse n'kofunika. Chimene ndikudziwa n'chakuti akanagwa pakati pa munda ife kulibe, bwenzi pano anzawo akuwapepesa pansi pa mtengo. Iwe ndiwe wawakweza m'galimoto ino."

Mawuwo sanamutonthoze Mtisunge. Ankangoona kamwa yopotoka ija, imene mawu ake omaliza anali omukalipira iye.

Galimoto inatsika mtunda, inadutsa mizere ya tiyi yosatha, kenaka inaima mwadzidzidzi. Kutsogolo kunkamveka mkokomo wa madzi.

"A Sisita, kamlatho kamira," anatero a Hopeson. "Apa sitidutsa. Tizungulire njira ya ku Luchenza."

"Ndi kutali kumeneko!"

"Kulibe kwina."

"Ndiye ukudikira chiyani? Tembenuza!"

Matayala analira m'matope, galimoto n'kubwerera chambuyo. A Eneless anatsegula maso. Anayang'ana denga, anayang'ana a Sisita, kenaka maso awo anapeza Mtisunge ndipo anakhazikika pa iye. Anali maso odziwa zonse zimene zinachitika.

"Akukumva," anatero a Sisita. "Agwire dzanja, uziwayankhula."

Mtisunge anasendera pafupi. Anatambasula mkono kuti agwire dzanja lamanzere, lamoyo lija. A Eneless analikoka pang'onopang'ono n'kulibisa m'chitenje.

Mtisunge mtima unamuwawa kwambiri, koma sanasunthe pamalopo. Anatenga dzanja lamanja, limene silikanatha kumukana, n'kulifumbata ndi manja ake onse awiri.

"Ndine, amayi," anatero. "Mukachira mudzandikalipire mpaka mumalize."